Funsani a Kochi: Mpira ukafika paphazi, ukuthawiranji?

Makalata ambiri amene afika mwezi uno akudandaula chinthu chimodzi, kulandira mpira. Ndasankhapo angapo, ndipo ena ndawadula pang'ono chifukwa cha malo. Amene munafunsa za kukokana kwa minofu, dikirani mwezi wamawa.

FUNSO: A Kochi, ndili ndi zaka 16 ndipo ndimasewera pakati m'timu ya m'dera lathu. Liwiro ndili nalo, kudoda ndimadodanso ndithu. Koma mnzanga akandipatsira mpira mwamphamvu, umangogunda phazi n'kuthawira kwa adani. Pano anzanga ayamba kundilambalala popatsirana. Chodabwitsa n'chakuti ndikamasewera ndekha kunyumba mpira umandimvera bwinobwino. Vuto lili pati?
Mnyamata wa ku Ndirande, Blantyre

YANKHO: Mwana wanga, yankho walilemba wekha kumapeto kwa kalata yako. Kunyumba mpira umakumvera chifukwa palibe akukuthamangira. Pabwalo ukangomva mapazi a mdani kumbuyoku, thupi limauma lokha: bondo limawongoka, kakolo amalimba, kupuma umasiya. Mpira wachikopa ndi chinthu chopopedwa, ukagunda cholimba chosasuntha umanjanja basi. Sukudana nawe ayi.

Tiyambe ndi phazi. Pothyola mango, amene ali pansi akamawakha akupsa amene mnzake akuponya ali mumtengo, sadikira ndi manja ouma. Amatambasula manja kuwachingamira, kenako amawatsitsa pamodzi ndi mangowo kuti asaphwanyike. Phazi lichite chimodzimodzi. Lipite kukachingamira mpira, ndipo ukangolikhudza libwerere nawo m'mbuyo pang'ono. Pang'ono zedi, osati kukoka mwendo wonse. Litukule pang'ono kuchoka pansi kuti likhudze pakati pa mpira. Ukaukhudza m'munsi ukwera n'kukugunda m'maondo, ukatukula kwambiri udutsa kunsi kwa phazi, ochemerera n'kuyamba kuseka. Mwendo umene waimirawo ndi umene anyamata ambiri amauiwala. Bondo lake likhale lopinda, ndipo uimire kutsogolo kwa phazi, osati pachidendene. Munthu woimira pachidendene sangasunthe mpira ukapatuka.

Koma zimenezi n'zazing'ono. Chachikulu chimachitika mpira usanakufike.

M'mabwalo athu ndimaona anyamata ambiri akuganiza kuti kulandira bwino ndi kuuponda mpira n'kuima nawo chilili. Ochemerera amakuwa, mnyamata amamva kukoma, kenako ndi pamene amadzutsa mutu kuti aone kopatsira. Pamenepo n'kuti mdani atafika kale. Waukhudza kamodzi kuuimitsa, kachiwiri kuukonza, kachitatu kutembenuka nawo. Wosewera wabwino amachita zonsezi ndi kukhudza kumodzi, chifukwa mpira uli m'njira iye anali ataona kale kumene mdani akuchokera ndi kumene kuli mpata. Mdani akabwera kumanja, mpira umapita kumanzere. Akakhala patali, amatembenuka nawo nthawi yomweyo. Akamamatira kumsana, amangoubwezera kwa amene wamupatsira, osauimitsa n'komwe.

Ukapeza makanema akale a Xavi akusewera ku Barcelona, usayang'ane mpira, uziyang'ana mutu wake. Umangotembenuka, uku ndi uku, mpira uli kwa anthu ena. Ife amene tinaonera Ernest Mtawali, ndipo pambuyo pake Joseph Kamwendo, akusewera pakati m'timu ya Flames, tinkati anthu amenewa sapupuluma, ali ndi nthawi yambiri kuposa anzawo. Nthawiyo ankaipeza pocheuka msanga.

Kaimidwe kakonso kasinthe. Usayang'anizane ndi wokupatsira mpira maso ndi maso, msana utalozetsa kugolo la adani. Ima chammbali, kuti uzitha kuona mpira komanso bwalo limene ukufuna kulowera. Ndipo ngati mdani sali pafupi, landira ndi phazi lakutali: mpira ukachokera kumanzere kwako, uleke udutse kutsogolo kwa thupi, uulandire ndi mkati mwa phazi lamanja. Ukatero ndiye kuti watembenuka kale.

Tsopano ntchito. Peza khoma lolimba lopanda windo, ndipo upemphe eni ake, ndisamve kuti a Kochi akugwetsetsa mipanda ya anthu ku Ndirande. Ima mamita 5 kuchokera pakhomalo, menya mpira mwamphamvu, osaunyengerera. Ukabwerera, kukhudza koyamba kuupititse kumanja, kwachiwiri kuubwezere kukhoma. Kenako kumanzere. Kenako tembenuka nawo kulowera kumbuyo kwako. Phazi lamanzere lipatse ntchito yofanana ndi lamanja ngakhale likuchititse manyazi. Zikayamba kuyenda, onjezera ichi: mpira ukangochoka paphazi, cheuka, ona chinthu china kumbuyo, n'kubwezera maso pampira. Ukapeza mng'ono wako, aime kumbuyo kwako azitukula zala, iwe uzitchula kuti ndi zingati mpira usanafike. Pomaliza mng'onoyo asanduke mdani, azikukankha ndithu kumsana ndi kufuna kulanda. Ukadumpha gawo lomalizali, udzandilemberanso kalata yomweyi.

Dennis Bergkamp wa ku Netherlands wakhala akufotokoza kuti ali mwana ku Amsterdam ankatha nthawi yaitali akumenyetsa mpira pakhoma, kuyang'anitsitsa mmene ukubwererera. Mphindi 20 tsiku lililonse zimaposa maola atatu Loweruka lokha. Ndipo usawapemphe anzako kuti azikupatsira mofewa. Mpira wofewa pabwalo lafumbi umafera m'njira, wolakwa n'kukhala iwe yemwe.

FUNSO: Mng'ono wanga amatha kumenya mpira m'mwamba ka 300 osaugwetsa pansi, mpaka anthu odutsa pamsewu amaima kumuonerera. Koma kutimu ya sukulu amangokhala pabenchi. Kodi aphunzitsi akewo si kaduka kameneka?
Wowerenga wa ku Kasungu

YANKHO: Achimwene, aphunzitsiwo asiyeni. Pomenya mpira m'mwamba, mng'ono wanuyo amadzipatsira yekha, pa liwiro limene wasankha yekha, palibe womusokoneza, ndipo maso ali paphazi nthawi yonseyo. Pamasewero sapezapo n'chimodzi chomwe mwa zimenezi. Sindikuti n'zopanda ntchito. Zimaphunzitsa phazi kumva kulemera kwa mpira, ndipo mwana amene sangafike ka 10 ali ndi ntchito yoti agwire. Koma kuchoka pa 50 kufika pa 300 wangophunzira kupirira.

Muuzeni asinthe. Aziumenya kupitirira mutu n'kuutsitsira paphazi osanjanja. Azisinthanitsa mapazi uku akuyenda. Koposa zonse, mumange chingwe chofika m'chiuno pakati pa mitengo iwiri, inu muime tsidya lina, muzimenyerana mpira pamwamba pa chingwecho, aliyense kuukhudza kawiri, kunjanja pansi kamodzi kokha. Mpira wochokera kwa munthu wina ndi umene aphunzitsi akewo akufuna kuona akuulandira.

FUNSO: Ndine mphunzitsi wa sitandade 6 pasukulu ina yakumudzi, ndipo ndinapatsidwa udindo woyang'anira masewero. Ana amabwera 40 kapena kuposa, mipira ndili nayo iwiri yokha. Ndimawaika pamzere, n'kumawaponyera mpira mmodzimmodzi kuti aulandire n'kundibwezera. Sindikuona kusintha. Ndichite bwanji?
Mphunzitsi wa ku Ntchisi

YANKHO: Aphunzitsi, zikomo posawataya anawo. Koma mzerewo uthe lero lomwe. Tawerengani nokha: ana 40 pamzere umodzi, aliyense masekondi 15, ndiye kuti mwana amadikira mphindi 10 kuti akhudzenso mpira. Pa ola lathunthu waukhudza ka 6. Amene akuphunzira kulandira mpira pamenepo ndinu nokha.

Auzeni anawo abwere ndi mipira yachikulunga. Majumbo ndi zingwe sizisowa, ndipo m'kalasi iliyonse muli katswiri wokulunga amene anzake amamudziwa. Mukhala ndi mipira 10 osatulutsa ndi tambala yomwe. Agaweni m'magulu a ana asanu: anayi azungulire, mmodzi pakati, pamalo a mamita 8 mbali zonse, malire mungolemba ndi phazi m'fumbi. Anayiwo azipatsirana, wapakati azilanda, wotayitsa mpira alowa pakati. Ana ambiri amawadziwa kale masewerowa. Ku Barcelona amawatcha rondo, ndipo kuyambira nthawi ya Johan Cruyff, amene anali mphunzitsi wa timuyo kuchokera mu 1988 mpaka 1996, amawachita tsiku ndi tsiku, ana ndi akuluakulu omwe. Poyamba aliyense aukhudze mmene akufunira, kenako muike lamulo la kukhudza kawiri. Musathamangire kukhudza kumodzi. Cholinga n'chakuti aphunzire kulandira mpira, osati kuuthawa.

Theka lachiwiri la ola asewere mpira weniweni koma ochepaochepa, atatu kwa atatu kapena anayi kwa anayi, magolo a miyala. Bwalo la ntchemberembaye, lija la mamita 30.5 m'litali ndi 15.25 m'lifupi, n'lokwanira bwino, atsikana akakhala kuti sakuligwiritsa ntchito, kapena alowe nawo m'matimumo. Pamalo opanikiza mwana alibe kothawira: mpira umamupeza pafupipafupi, mdani ali pomwepo. Ndicho chifukwa chake ku South America amalemekeza futsal, mpira wa anthu asanu mbali iliyonse pabwalo laling'ono, umene unayambira ku Montevideo m'dziko la Uruguay mu 1930 n'kukakhwimira ku Brazil. Ronaldinho ndi Neymar anakulira m'menemo. Mpira wake ndi wocheperako ndipo sunjanja kwambiri, ndiye ana amazolowera kuugwira ndi kunsi kwa phazi, monga amachitira athuwa ndi chikulunga.

Chikulunga chili ndi bodza lake limodzi. Sichinjanja, ndiye chimakhululukira phazi louma. Mwana amene amadziwa chikulunga chokha, tsiku lampikisano akakumana ndi wachikopa amaoneka ngati sanasewerepo. Choncho mipira iwiri ija izizungulira magulu onse, mphindi zingapo gulu lililonse, osati kungokhala ya anyamata akuluakulu a timu yoyamba.

Muyang'anenso mipira yomweyo. Wa akuluakulu, saizi 5, malamulo amati uzilemera magalamu 410 mpaka 450, ndipo kuzungulira kwake kukhale masentimita 68 mpaka 70. Ana osakwana zaka 12 amayenera saizi 4. Mpata wogula wina ukapezeka, pemphani umenewo. Ndipo musaupope ndi pampu ya njinga mpaka kuuma gwa. Mukausindikiza ndi zala zazikulu ziwiri uzilowa pang'ono. Mwana wopanda nsapato akapwetekedwa kawiri ndi mpira wouma, kachitatu amaulandira atatsinzina.

Chomaliza, ndipo ichi chimandipweteka mtima m'mipikisano ya sukulu. Mpira ukangofika kwa mwana wakumbuyo, aphunzitsi, makolo ndi ogulitsa nzimbe omwe amakuwa pamodzi: "Chotsa! Chotsa!" Mwana amamenya osayang'ana, anthu amawomba m'manja. Tikatero zaka zisanu, kenako tizidabwa kuti osewera athu akuopa mpira? Mwana akayesa kulandira n'kulandidwa, ngakhale chigoli chilowe, muyamikireni poyesapo, n'kumufunsa funso limodzi: unamuona mdaniyo akuchokera kuti?

FUNSO: Timu yathu imaphunzirira pabwalo lafumbi, la zitsinde za udzu ndi tinjira ta anthu ndi ng'ombe. Mpira umadumpha pomwe sukuyembekezera. Titapita kukasewera pabwalo la udzu wapulasitiki zinativutanso, mpira umangotipitirira. Kodi munthu angaphunzire kulandira mpira pabwalo ngati lathuli?
Wotchinga kumbuyo wa ku Chikwawa

YANKHO: Angaphunzire, achimwene, ndipo ambiri amene anavalapo yunifomu ya Flames anayambira pamabwalo otere. Kungoti bwalo lamabampu lili ndi malamulo ake. Ikani thupi lonse kumbuyo kwa mpira, kuti phazi likaphonya, msongolo kapena ntchafu zitchinge. Kutambasulira mwendo kumbali n'kutchova njuga, makamaka kwa inu akumbuyo. Musaudikire, pitani mukakumane nawo, chifukwa mita iliyonse imene ukugudubuzika ndi mwayi wina woti ugunde chitsinde. Zocheuka zimene ndamuuza mnyamata wa ku Ndirande uja, inu muzichite msanga, mpira usanamenyedwe kapena ukangochoka paphazi la mnzanu. Mamita awiri omaliza maso akhale pampira.

Pa udzu wapulasitiki, monga wa pa Kamuzu Stadium, mpira sutaya liwiro ngati m'fumbi. Umene munazolowera kuti ufika utatopa umafika uli ndi mphamvu zake zonse, ndipo kakhudzidwe kamene kwanuko kamaika mpira mita imodzi kutsogolo, uko kamauthamangitsa mamita atatu. Mlungu woti mukasewere pabwalo lotere, pezani pasimenti kapena padothi louma losalala muzipatsirana mwamphamvu. Tsiku lamasewero fikani msanga, ndipo potenthetsa thupi musataye nthawi yonse kumenyera goloboyi. Patsiranani mipira yapansi mpaka phazi lizolowere. Pa udzu weniweni wonyowa ndi mvula, mpira ukagunda pansi sukwera, umaterereka chapansipansi, ndiye tsitsani phazi.

Komanso ndinu anyamata amphamvu oposa 11. Makasu kwanuko alipo. Loweruka limodzi lokha mutha kuzula zitsinde ndi kukwirira maenje a kutsogolo kwa golo.

FUNSO: Mwana wanga wamkazi wa zaka 13 amasewera bwino kwambiri wopanda nsapato. Ndinadzimana n'kumugulira nsapato zampira pakaunjika, koma chivalireni akuti mpira sakuumva, ukumangomupulumuka. Ndataya ndalama?
Mayi wa ku Mzimba

YANKHO: Mayi, simunataye. Koma ndikufunseni: simunagule zokulirapo kuti akule nazo? Ndikudziwa, tonse timatero ndi nsapato za kusukulu. Zampira sizilola. Phazi likamasambira mkati, nsonga ya nsapato imafika pampira chala chisanafike. Pakati pa chala chachikulu ndi nsonga pasatsale malo oposa chala chimodzi chakumanja chopingasa. Ngati n'zazikulu, avale masokosi awiri pakadali pano.

Chachiwiri ndi mano akunsi aja. Anapangidwira udzu wofewa kumene amalowa m'dothi. Pabwalo louma la mwezi wa Okutobala salowa, ndiye mwana amakhala ngati wakwezedwa m'mwamba, ndipo malo amene phazi lake linazolowera kukumana ndi mpira asintha. Pabwalo lotere nsapato zaraba zafulati zimagwira ntchito bwino kuposa zamano ataliatali. Zamanozo azivala pang'onopang'ono pophunzira, osati kuzisunga m'chikwama kudikira tsiku lampikisano. Pakatha milungu ingapo phazi lizolowera. Kusewera wopanda nsapato asasiyiretu, malinga pamalopo palibe minga ndi magalasi.

Mulimbikitseni mwanayo. Tabitha ndi Temwa Chawinga anachokera ku Rumphi, pafupi ndi kwanuko. Tabitha anamwetsa zigoli zambiri kuposa aliyense mu ligi ya amayi ya ku Italy mu 2022/23 ali ku Inter Milan, ndipo Temwa anamwetsa 20 mu ligi ya ku America mu 2024 ali ku Kansas City Current. Akamaonera Temwa aone ichi: kutsogolo kukakhala mpata, sauimitsa mpira, amaukankhira patali dala n'kuuthamangira. Kukhudza kwakutali si kulakwitsa ngati unaona kuti kulibe munthu.

FUNSO: Ndimasewera kutsogolo m'timu ya Amalawi anzanga Lamlungu lililonse. Goloboyi wathu amangomenya mipira yam'mwamba. Ndikaulandira pachifuwa umathawa, ndipo kawiri konse oyimbira anena kuti ndagwira ndi mkono pomwe unagunda paphewa. Ndithandizeni.
Wowerenga wa ku Johannesburg

YANKHO: Za phewazo poyamba. Kuyambira mu 2020 malamulo a IFAB, bungwe lokonza malamulo a mpira padziko lonse, amanena momveka kuti mkono umayambira pamzere wolingana ndi kunsi kwa khwapa. Phewa si mkono. Koma oyimbira a Lamlungu alibe makanema obwereza, ndiye mukapinda phewa kulondola mpira mkono uli wotambasuka, likhweru lilira basi. Sunthani mapazi kuti mpira ukupezeni pakati pa chifuwa, nkhani ya phewa isabuke n'komwe.

Vuto la mipira yam'mwamba kawirikawiri ndi kuchedwa kusankha. Munthu amayamba kufuna kuulandira ndi chifuwa, pakati pa njira asintha maganizo kuti ntchafu, mapeto ake umamugunda pamimba. Sankhani mpira ukadali m'mwamba. Ngati ndi chifuwa, mapazi atalikirane, lina kutsogolo, maondo apinde, thupi lipendekere m'mbuyo pang'ono, ndipo ukamagunda tulutsani mpweya n'kufewetsa chifuwa. Mukachitukumula mpira upita kwa adani. Mukafuna kuti ugwe pansi msanga, weramirani kutsogolo kuti chifuwa chiugwetsere kumapazi. Ngati ndi ntchafu, ikhale pakati pake pamnofu, osati pabondo, ndipo itsike nawo.

Pabwalo louma musalole mpira wotere kunjanja momasuka, chifukwa ukudumphani mutu. Ngati simungaupeze uli m'mwamba, fikani pamene ukugwera, ndipo ukangogunda pansi uphimbeni ndi mkati mwa phazi kapena kunsi kwake, n'kuukokera kumene mukupita.

Fufuzani chigoli cha Bergkamp cha pa 4 July 1998 ku Marseille, Netherlands ikugonjetsa Argentina 2-1 mu World Cup. Frank de Boer anamenya mpira wautali kuchokera m'chigawo chawo. Bergkamp anautsitsa ndi phazi lamanja ali mumlengalenga, kukhudza kwachiwiri anamudutsa Roberto Ayala, wotchinga kumbuyo wa Argentina, kwachitatu anamwetsa ndi kunja kwa phazi lomwelo. Mukamaonera, bwezerani kangapo poyambira penipeni, muone mmene akuthamangira maso ali pampira umene ukuchokera kumbuyo kwake, ndi mmene mwendo ukutsikira nawo.

Inu amene mumasewera kutsogolo, wotchinga amakhala atakumamatirani kumsana, ndiye mpira usanafike yambani mwamupeza iyeyo. Mutsamireni ndi msana, mkono ukhale wopinda osamukankha nawo, kuti pakati pa iye ndi mpira pakhale thupi lanu. Akakhala wamtali kuposa inu, musalimbane naye m'mwamba: yambirani patali, mubwere mothamanga kukakumana ndi mpira kutsogolo kwake. Pophunzira, mnzanu aziponya ndi manja kuchokera mamita 10, wina ali kumsana kwanu, kenako azimenya ndi phazi kuchokera patali. Ndipo goloboyi wanuyo mukambirane naye. Otchinga kumbuyo akakhala pa mpata, aziwapatsira pansi.